Ulenje Wopanda Ndiwo

M'mudzi wina wa kufupi ndi dooko la Kachulu, kumene msewu wochokera ku Zomba umathera m'matope a nyanja ya Chilwa, muli mayi wokalamba amene anthu onse, ngakhale amfumu ndi akulu a mpingo, amangowatcha Agogo. Ndipo tsiku lina Lamulungu m'mwezi wa Epulo, dzuwa litapendeka, mpunga uli pafupi kucha m'minda, padatulukira pakhomo pawo mdzukulu wawo wamwamuna, amene adaphunzira ku koleji ku Zomba nalembedwa ntchito ku Blantyre, matope ali lekeza m'maondo, chipewa chachikulu chili kumutu, magalasi oonera patali ali lende pakhosi. Popeza pa mwambo wathu gogo wamkazi amatcha mdzukulu wake mwamuna wake, naloledwa kumunyoza monga afunira popanda mlandu, owerenga asadabwe ndi mawu amene adatsatira.

AGOGO: Fikani, amuna anga, fikani, khalani pamphasapo, koma miyendoyo itsale padothi kufikira itaona madzi. Ana andiuza pochokera kumapemphero, kumene inu simunaonekeko, kuti kudooko kwaima galimoto ya anthu a m'tauni, ndi kuti mwa iwo muli mwamuna wanga, amene walowa m'bwato kusanache nalunjika m'njeza. Ndipo ndinati mumtima mwanga, lero mphika wanga, umene waiwala fungo la mafuta chimwalirire agogo ako aamuna, ukumbukiridwa. Tsitsani chikwamacho tione. Ndi tsekwe kodi, kapena abakha?

MDZUKULU: Pepani, Agogo, m'chikwamamu muli buku la mbalame, kope lolembamo ndi botolo la madzi, basi. Ife sitinapite kukasaka, tinapita kukaona.

AGOGO: Kukaona yani? Kuzimbowera za asodzi kuli matenda?

MDZUKULU: Kukaona mbalame, Agogo. Tili ndi kagulu kathu ka anthu okonda zachilengedwe, ndipo tinapangana kuti tiyende malo atatu a madzi ntchito isanayambenso Lolemba. Tinachoka ku Blantyre Lachisanu titaweruka, tinakagona ku Mangochi. Dzulo m'mawa tinali m'mbali mwa nyanja yaikulu, madzulo ake tinali pa mtsinje wa Shire ku Liwonde, ndipo lero tatsiriza ndi dambo la kwathu kuno. Mbalame iliyonse imene taiona kapena kuimva, taifunafuna m'buku, n'kulemba dzina lake, malo ndi nthawi.

AGOGO: Mutailemba?

MDZUKULU: Tinaisiya.

AGOGO: Inathawa?

MDZUKULU: Zina zinathawa, zina tinazisiya zili chikhalire panthambi.

AGOGO: Ndakhala pa dziko lino zaka zambiri, ndaona nyanja iyi ikuuma ndi kudzalanso, ndaonanso amuna aulesi amene ankapita kuthengo nabwerako ndi nkhani m'malo mwa nyama, koma onsewo anali ndi manyazi, ndipo ankanamizira galu, kapena uta, kapena njoka imene inawadutsira panjira, mlenje wobwera chimanjamanja, nanyadira poyera kuti chimanjamanjacho ndicho anapitira, ndayamba kumuona lero, ndipo watuluka m'mimba mwa mwana wanga. Akulu adati mbalame ikatera pauta silasika, koma sadanene kuti mwini utayo atulutse pensulo.

MDZUKULU: Mukadaona zimene taona ku Mangochi simukadatero. Tinadzuka m'bandakucha, nyanja ili bata, asodzi a usipa akubwerako atazimitsa nyali zawo; pamwamba pa mlambe wina panali nkhwazi ziwiri zikulira molandizana, iliyonse ikuponya mutu wake kumsana polira, ndipo mnzathu wodziwa anatiuza kuti yaikulu mwa ziwirizo ndi yaikazi, pakuti mwa nkhwazi mkazi ndiye amaposa thupi. Kenaka mwini boti anatitengera pakati pa madzi, naimba likhweru, naponya nsomba. Nkhwazi inachoka mumtengo, inatsika mapiko ali tambalale, miyendo itatsogola, n'kuitola nsombayo ndi zikhadabo osanyowetsa chifuwa.

AGOGO: Nsomba imene anaponyayo inali ya yani?

MDZUKULU: Tinasonkherana ndalama n'kugula kwa asodzi.

AGOGO: Ima pomwepo, iwe, ndipume. Munasonkherana ndalama, inu anthu ophunzira, n'kugula nsomba kwa msodzi, n'kulipiranso boti, kuti mukadyetse nkhwazi, imene Mlengi adaipatsa maso, mapiko ndi zikhadabo kuti izidzigwirira yokha, ndipo siinapemphepo kanthu kwa munthu chitsikire m'chingalawa cha Nowa. Koma gogo wako, amene alibe mapiko, ndi mano omwe amutsalira ochita kuwerenga, wadutsa Mangochi yense, kwawo kwa chambo, osamugulira ngakhale kamutu kouma. Ndikadadziwa, bwenzi nditakwera mumtengo n'kuyamba kulira.

MDZUKULU: Chambo chikusowa masiku ano, Agogo, ndipo chikapezeka n'chodula. Komanso nkhwazi si mbalame wamba: ndiyo ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu, mkango ndi nyalugwe zili pansi pake, ndipo anzathu a ku Zambia adaiika pa mbendera. Ngakhale zili choncho, buku likunena kuti nthawi zina imachita ulesi, n'kumadikira chimeza kapena mbalame ina igwire nsomba, iyo n'kudzailanda.

AGOGO: Imadikira wina avutike, iyo n'kudzalanda, ndipo ndiyo adaisankha kukhala pamwamba.

MDZUKULU: Mukutanthauzanji, Agogo?

AGOGO: Ine ndangobwereza mawu ako. Pitiriza.

MDZUKULU: Tinaonanso patali chilumba cha Boadzulu, miyala yake ili mbuu ndi zitosi za mphipi zimene zimagona ndi kuswana pamenepo, koma zazikulu zinali ku Liwonde. Mukudziwa kuti Shire akatuluka m'nyanja yaikulu amadutsa pa Mangochi, n'kulowa m'nyanja ya Malombe, n'kutulukanso kulunjika kumwera. Kuchokera pamenepo, m'mbali mwa mtsinje muli malo osungirako nyama amene boma lidakhazikitsa mu 1973, ndipo kuyambira 2015 akuyang'aniridwa ndi a African Parks. Tinakwera boti dzuwa litapepa, mvuu zikufwenthera mbali zonse, ng'ona zili gone pamatope, njovu zikumwa m'bango. Ndipo mnyamata wotiperekeza, atazimitsa injini pansi pa mtengo waukulu wa masamba othithikana, anatiuza kuti tikhale chete ndi kuyang'ana m'mwamba. Tinayang'ana mpaka makosi kuwawa. Mwadzidzidzi ndinaona kuti chimene ndinkachiyesa chisa cha masamba ouma chili ndi maso awiri akuda bii, ndipo akundiyang'ana. Anali kadzidzi wogwira nsomba, Agogo, wamkulu, wofiirira, amene mabuku amamutcha wa Pel. Anthu amachoka ku Ulaya pa ndege kudzafuna iyeyo, ndipo ambiri amabwerera osamuona.

AGOGO: Obwerera osamuonawo ndiwo amwayi. Wati kadzidzi?

MDZUKULU: Inde, koma wosiyana ndi wa kumanda uja. Uyu miyendo yake ilibe nthenga, kuti isaleme ndi madzi, ndipo kunsi kwa zala zake n'kokakala, kuti nsomba isapulumuke. Amatera panthambi yoweramira pamadzi usiku, nadikira mlamba ubwere pamwamba.

AGOGO: Mwana wanga, chinthu chimene chikatera padenga usiku ndi kulira, mudzi wonse umadzuka, amuna n'kuchiponyera chikuni cha moto, akazi n'kuyamba kuwerenga odwala; chinthu chimene mayi ako, ali ndi pakati pa iwe, adachimva kamodzi kokha natha sabata yathunthu osagona tulo; icho inu mwachilipirira pachipata, mwachilipirira boti, mwachifunafuna mpaka makosi kuwawa, ndipo chitakuyang'anani m'maso mwakondwera ndi kugwirana chanza. Usanalowe m'nyumba mwanga upite kuseri ukasambe, ndipo ndikuikira mchere m'madzimo.

MDZUKULU: Kadzidzi sapha munthu, Agogo. Wa kumudzi kuno amadya makoswe amene amakutherani mpunga m'nkhokwe.

AGOGO: Adye, koma adye ali chete. Zinanso?

MDZUKULU: M'nkhalango ya tsanya tinaona tizinkhwe tating'ono tobiriwira, ta nkhope yofiira, timene timagona m'mphako za mitengoyo, ndipo m'Malawi muno kwawo kwenikweni ndi ku Liwonde komweko. Akatswiri a ku London adatilemba m'mabuku awo koyamba mu 1894. Masiku amenewo kunalibe magalasi abwino kapena makamera ngati a lero, choncho ofufuza ankaombera mbalame ndi mfuti. Alexander Whyte, amene ankagwira ntchito pansi pa Harry Johnston ku Zomba kuno m'zaka za m'ma 1890, adatumiza zikopa za mbalame zambirimbiri ku London, ndipo zikusungidwa m'madirowa mpaka lero.

AGOGO: Tsono ameneyo ndiye anali munthu. Anatumiza zikopa, nanga nyama yake?

MDZUKULU: Mabuku sanena za nyama.

AGOGO: Sanganene, pakuti adadya ndi amtengatenga ake, ndipo iwowo sankalemba mabuku. Taona, ulenje wanuwu udayamba bwino, mfuti ilipo, ndiwo ilipo. Ndinu ana a lero amene mwauononga.

MDZUKULU: Pambuyo pake kudabwera ena. Charles Belcher, amene anali woweruza milandu wa khoti lalikulu m'dziko muno, adatulutsa buku la mbalame za Nyasaland mu 1930, ndipo C. W. Benson, amene anali DC m'maboma angapo, adatulutsa mndandanda wake mu 1953. Lero tikudziwa kuti m'Malawi muli mitundu ya mbalame pafupifupi 650.

AGOGO: DC kuwerenga mbalame! Pamenepo ndiye wandimasulira zonse. Ine ndidakula nthawi ya atsamunda, ndipo ndidaona kuti boma likayamba kuwerenga chinthu, chaka chotsatira limadzachikhometsa msonkho: adawerenga nyumba, msonkho, adawerenga amuna, msonkho, adawerenga njinga ndi agalu, msonkho. Mbalame zidapulumuka chifukwa mesenjala alibe mapiko. Ndipo iwe, amene udalowa kalasi ya mpingo ndili ine wokugulira malaya oyera, waiwala kodi chimene chidagwera Israyeli pamene mfumu Davide adaumirira kuwerenga anthu, Yowabu atamuletsa? Kuwerenga zamoyo kumaitana mliri.

MDZUKULU: Koma Mose yemwe adalemba mndandanda wa mbalame, Agogo, mu Levitiko chaputala 11.

AGOGO: Adalemba, koma adalemba ndi cholinga, kuti munthu adziwe yodya ndi yosadya, ndiwo mndandanda wanzeru, wothandiza mayi pamoto.

MDZUKULU: Komatu m'menemo adaikamo ndi mleme, umene si mbalame konse, pakuti uli ndi ubweya, umabereka mwana wamoyo ndi kumuyamwitsa.

AGOGO: Mose adalankhula ndi Mulungu paphiri masiku makumi anayi, iwe walankhula ndi mnyamata wa boti madzulo amodzi. Mleme ukhale pamene adauika.

Apa mdzukulu uja, poona kuti pa Malemba sapambana, adatembenukira ku mbiri, ndipo adachita bwino, chifukwa nkhani imene adaitulutsa ndi yoyenera kuti ana a sukulu aziidziwa kuposa mmene aidziwira. Adawauza Agogo za Jali Makawa, Mlomwe wobadwira ku Mozambique, amene adayenda ndi Benson zaka zambiri m'mapiri ndi m'madambo, m'dziko muno ndi m'maiko ena. Adali munthu wa maso ndi makutu akuthwa, amene ankaona ndi kugwira mbalame zimene bwana wake sakadazipeza yekha, kotero kuti akatswiri adatcha mbalame zina dzina lake pomulemekeza. Iye dzina lake lidalembedwa. Koma alenje, asodzi ndi opalasa bwato amene adaloza chala kuti azungu aone, nabwerera kwawo ndi ndalama ya tsiku limodzi, ndi ochuluka, ndipo mabuku okongola amene timawanyamula m'zikwama lero adamangidwa pa maso awo. Adawauzanso kuti tsopano Amalawi eni ake akufufuza, natchula Dr Tiwonge Mzumara-Gawa, mayi amene adaphunzira za tizinkhwe ta ku Liwonde tija, ndi mmene timafera tikamwa pa zithaphwi zimene opha nyama mozemba athiramo poizoni.

AGOGO: Mlomweyo ndamukonda. Koma ndiuze za kwathu kuno, kumene sungandinamize. Waona chiyani m'njeza chimene ine sindinachione?

MDZUKULU: Tinalowa m'ngalande ya pakati pa njeza, mwini bwato akukankha ndi nsungwi, pakuti mukudziwa kuti nyanja yathuyi ndi yosaya. Akakowa anali mbuu m'mbali mwa minda ya mpunga, abakha oliza likhweru aja akuuluka m'magulu, vuwo ali phee patali. Koma chimene chinatiimitsa nthawi yaitali ndi kambalame kofiirira kaja, ka khosi loyera ndi chipumi chobiriwira ngati thambo, ka zala zazitali, kamene kamayenda pamwamba pa masamba a nyika osamira.

AGOGO: Ndikukadziwa. Nyama yake ndi yochepa, n'zala zokhazokha.

MDZUKULU: Koma kodi mukudziwa za banja lake? Mkazi ndiye wamkulu, ndipo amakhala ndi amuna angapo, aliyense ndi kadera kake. Akaikira mazira pa chisa cha mwamuna mmodzi, amachoka n'kupita kwa wina. Mwamuna ndiye amafungatira, ndiye amalera anapiye, ndipo choopsa chikafika amawanyamula m'khwapa mwa mapiko, timiyendo tawo tili lende kunsi. Lero taona ndi maso athu bambo wina akuthamanga pamasamba ali ndi miyendo yambirimbiri.

Agogo adakhala chete kanthawi, nafwenkha fodya wawo wa mphuno, monga munthu amene walandira uthenga waukulu mochedwa.

AGOGO: Zaka zonsezi ndakhala ndikukanyoza kambalame kameneko chifukwa cha kuonda, osadziwa kuti ndiko kokha m'dambo lonseli kamene kadakonza bwino nkhani ya ukwati. Ine ndidabereka ana asanu ndi awiri, ndipo agogo ako aamuna, Mulungu awasunge, adanyamulapo mmodzi tsiku limodzi, pa ubatizo, namubweza msanga atawanyowetsa jekete. Tsamba limenelo ulipinde. Ndikaliwerengetsa ku msonkhano wa amayi Lachinayi. Nanga nantchengwa mwamuona?

MDZUKULU: Tamuona, ndi chisa chake chomwe, pamphanda ya mtengo pafupi ndi mtsinje wa Likangala: chimulu cha timitengo, udzu ndi matope, khomo lili chakunsi, cholimba moti munthu wamkulu angaimepo osachiboola. Mnzathu wina anafuna kukwera kuti asuzumire.

AGOGO: Ndipo munamuletsa?

MDZUKULU: Mwini bwato anamuletsa, nati akakhudza chisacho abwerera wapansi.

AGOGO: Ameneyo adaleredwa. Chisa cha nantchengwa sachikhudza. Wochipasula misala imamugwira, kapena nyumba yake imapsa. Iwe useka, ndikukuona. Koma tandiuza, mwa mbalame zonse za m'dambo muno, ndi iti imene ana a legeni saiponyera mwala, alenje saitchera khwekhwe, ndipo imamanga pafupi ndi anthu osaopa kanthu? Inu mumasunga mbalame ndi mipanda ya waya, ndi asilikali a mfuti, ndi ndalama zochokera kunja. Makolo adamusunga nantchengwa ndi mawu awiri okha, ndipo mpaka lero sanalipire mlonda.

MDZUKULU: Pamenepo sinditsutsa. Koma pali zina zimene makolo sakadazidziwa. Anamzeze aja ali ndandanda pa mawaya a magetsi masiku ano, a pakhosi pofiira ndi mchira wa mphanda, mukudziwa kumene akupita?

AGOGO: Amabwera ndi mvula, amapita ndi mvula. Mneneri Yeremiya adanena kale kuti zimenezi zimadziwa nyengo yake kuposa anthu.

MDZUKULU: Akupita ku Ulaya ndi ku Russia kukaswa, ndipo adzabweranso mu Okutobala. Kambalame kolemera magalamu 20 okha kamadutsa chipululu cha Sahara ndi nyanja ya Mediterranean ndi mapiko ake. Zidadziwika chifukwa cha timphete timene ofufuza amaveka kumwendo: namzeze wina adavekedwa mphete ku Staffordshire, ku England, mu Meyi 1911, ndipo adapezeka ku Natal, ku South Africa, mu Disembala 1912.

AGOGO: Tsono amenewo ali ngati amuna a kwathu nthawi ya Wenela, amene ankapita ku Joni mvula itatha, natisiya ndi makasu, kusiyana kwake n'kwakuti namzeze amabwerako chaka ndi chaka pa nthawi yake, pamene mlongo wanga adapita kukagula njinga mu 1961, ndipo njingayo tikuidikirabe. Koma ndifunse: zonse mwalembazi, masamba onsewa, mupita nazo kuti? Mudzaziwerengera ana pamoto?

MDZUKULU: Tizitumiza pa foni ku eBird, nkhokwe ya pa intaneti imene imasungidwa ku yunivesite ya Cornell ku America, kumene anthu a m'maiko onse amatumiza zimene aona. Kuonjezera apo, mu Januwale ndi mu Julaye mumakhala kalembera wa mbalame za m'madzi m'maiko ambiri a mu Africa. Ndi kuwerenga kotere kumene kudachititsa kuti Chilwa, chilala cha 1995 chitangopita, ilembedwe m'pangano la Ramsar, limene maiko adasainirana ku Iran mu 1971 lakuti asamale madambo ofunika. Ndiyo idali yoyamba m'Malawi, ndipo Elephant Marsh ya ku Chikwawa ndi Nsanje idatsatira mu 2017. Popanda kuwerenga, sitingadziwe ngati mbalame zikuchepa kapena ayi.

AGOGO: Simungadziwe inu. Ukadabwera kudzandifunsa, m'malo mopita ku America, bwenzi nditakuuza ulere, ndi phala lomwe nditakuphikira. Zachepa. Ndili mtsikana, tsekwe ankatera m'minda ya mpunga mpaka bambo anga ankagona konko ndi chitini choimba. Abakha akadzuka m'bandakucha kumamveka mkokomo mpaka kuno kumudzi. Agogo ako aamuna akatchera makhwekhwe m'njira za tinkhuku ta m'madzi, m'miyezi ya njala ija ya Januwale ndi Febuluwale, ankabwera ndi mtolo woti ine kubudula nthenga mpaka zala kuchita dzanzi, zina tidye, zina tiwambe tikagulitse ku Zomba. Fizi ya mayi ako idachokera m'menemo, ndipo iwe amene ukuti mbalame n'zongoona, sukulu yako idayambira pa nthenga. Koma nyanja iyi ilibe potulukira. Imangolandira kwa Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe, n'kumapereka kwa dzuwa. Mvula ikalephera zaka ziwiri zitatu imauma, monga idachitira mu 1968, ndi mu 1995 pamene tinkapita ku chilumba cha Chisi wapansi, ndi mu 2018. Ikauma, matemba, makumba ndi milamba zimatha. Ndipo msodzi amene ukonde wake wapachikidwa, ana akulira m'nyumba, saona kukongola kwa tsekwe, amaona msuzi. Pamenepo aliyense amasanduka mlenje, wa ulimbo, wa khwekhwe, wa gogodela, ndi mazira omwe amatola. Ndiye madzi akabwerera, nsomba zimabwerera msanga, koma mbalame zimabwerera mwamanyazi.

MDZUKULU: Lankhulani pang'onopang'ono, Agogo, ndikulemba.

AGOGO: Ukulemba chiyani? Ine ndine mbalame?

MDZUKULU: Zimene mukunenazi m'buku mulibe. Ndinamva kuti alenje a kuno adapanga magulu awo, napatula malo ena oti mbalame ziziswana osatcherako, ndi miyezi ina yoleka kusaka.

AGOGO: Adapanga, ndipo nzeru yake ndi yabwino, pakuti nkhanga zidapangana kusanapse, koma lamulo limagwira pamene m'nkhokwe muli kanthu. Iwe umatha kuyang'ana tsekwe ola lathunthu osameza malovu chifukwa wadya buledi ndi mazira kuhotela. Sindikukunyoza, ndi chifukwa chake tidakutumiza kusukulu, kuti m'banja muno mukhale mmodzi wotha kuona ndiwo ikuuluka, mtima wake uli m'malo. Koma ukakalemba ku America kuja, ulembe kuti wakuuza ndi ine, ndipo ngati Mlomwe uja adamutcha mbalame, inenso andipezere ina, isakhale kadzidzi. Tabwera nacho chapakhosicho, ndione chimene chimakupusitsani.

Mdzukulu adavula magalasi aja nawapatsa, nawaonetsa pogwira ndi potembenuza. Agogo adayamba kuyang'anira kumbali yaikulu, nadandaula kuti dziko lathawa, kenaka atawatembenuza adakuwa kuti mtengo wa mango wawagwera. Atazolowera, adaimirira mothandizidwa ndi ndodo, nalozetsa magalasiwo kumunsi, kumene kuli minda ya mpunga.

MDZUKULU: Mukaona kamtambo kakuyenda pamwamba pa mpunga, n'kumapindika uku ndi uku, ndi mpheta za milomo yofiira zija. Akatswiri amati palibe mbalame ya kuthengo yochuluka kuposa imeneyo pa dziko lonse lapansi.

AGOGO: Akatswiriwo anena zoona, ndipo theka lake lili m'munda mwanga. Taonani! Zatera kumbali ya kwa amalume ako. Nanga mnyamata uja ndimamulipira kuti aziingitsa ali kuti? Dikira. Nsanja ndi iyo. Chitini ndi icho, chili pansi. Miyendo iwiri ndi iyo, yatulukira kunsi kwa nsanja, yopingasa. Wagona! Ha, mwana wa njoka, wandidyera ndalama masabata atatu, madzulo aliwonse n'kumabwera mawu atasasa, kuti wakhala akukuwa tsiku lonse! Ndipo uyo akudutsa m'malire ndi mtolo pamutu ndani? Si mpongozi wa kwa oyandikana nawo uyo? Udzu umenewo wamweta kwa yani?

MDZUKULU: Agogo, anzanga akundidikira kudooko, ndipo mawa m'mawa ndiyenera kukhala ku ofesi. Ndipatseni magalasiwo ndizipita.

AGOGO: Pitani bwino, amuna anga, mukapereke moni kwa mayi anu; mukawauze kuti mchere watha. Ichi chitsala.

MDZUKULU: Koma si changa chokha, ndinabwereka ku kagulu kathu, ndipo n'chodula kwambiri!

AGOGO: Ukawauze kuti kwapezeka membala watsopano ku Kachulu, ndipo wayamba kale ntchito. Mudzatenge tikakolola. Tsono popita kudooko udzere kumunda, ukamudzutse mnyamata uja; usamuuze kuti ndamuona bwanji, ungomuuza kuti agone chakumanzere, pakuti kumanja kwake kukubwera linthumbu.